Ndinadyera buledi pa masitepe a khothi lakale

Panopa ndi cha m'ma 2 koloko usiku, tulo takana, nde ndangoti bola ndilembe. Thupi linazolowera shifiti ya usiku, kukada limangodziwa kuti ntchito yayamba, koma lero chikundigoneka m'maso si chimenecho ayi. Ndi amayi aja a pa masitepe.

Inali ofu yanga yoyamba patatha masiku 9. Amayi kumudzi akhala akundikakamiza pa WhatsApp kuti nditumize chithunzi cha "Amerika weniweni", ati zomwe ndimatumiza za m'khitchini ndi pamalo odikirira basi anthu akuchitchalitchi sakukhulupirira kuti ndili kunja. Nde ndinakwera sitima ya MetroLink, kutsikira pa 8th & Pine, kuyenda pang'ono mpaka Kiener Plaza, poti aliyense wobwera ku St. Louis amajambulitsa pamenepo. Ukaima bwino, chinyumba choyera cha denga lobiriwira chija, Old Courthouse, chimalowa ndendende pakati pa miyendo ya Gateway Arch, chichitsulo chachitali chopindika ngati uta chija, ngati munthu wachita kuchiika ndi manja. Ndinajambula zithunzi mwina 20, ziwiri zokha nzimene ndatuluka ngati munthu. Kunja kukutentha ngati Chikwawa mu Okutobala koma kwa chinyezi, malaya kumata pamsana, ndipo ndinazungulira kupita mbali inayo yoyang'ana kumtsinje wa Mississippi kukafuna mthunzi, nkukhala pa masitepe pansi pa zipilala zikuluzikulu zija, kutulutsa buledi wanga wopaka chiponde ndi botolo la madzi.

Ndadya theka, ndinangomva ndodo gogogo pa mwala. Mayi wachikulire, wakuda ngati ine, chipewa cha udzu, magalasi olendewera pa tcheni, msinkhu wa azakhali anga aakulu. Anakhala pansi pang'onopang'ono sitepe imodzi pamwamba panga, kupuma kaye, kenako nkuti, mwana wanga, buledi akukoma pamenepo?

Ine mwaulemu wake ndinati eya amayi, ndikugawireni? Anaseka. Ati ayi idya, ndimangofuna ndidziwe ngati ukudziwa pomwe wakhalapo.

Sindinkadziwa. Kunena zoona dzina la Dred Scott ndinalimvapo, ndimaliona pa zikwangwani, koma ndinkangoti ndi mmodzi mwa anthu otchuka akuno amene mayina awo ali paliponse. Nde anayamba kundiuza, osakweza mawu, osakalipa, ngati mmene munthu amakuuzira njira ya kumsika. Ati pakhomo la kum'mawa la khothi limeneli ankagulitsirapo anthu. Munthu wokhala ndi akapolo akamwalira ali ndi ngongole, kapena ana ake akalephera kugwirizana pogawana chuma cha masiye, khothi linkalamula kuti katundu agulitsidwe pa okushoni, ndipo m'katundumo munali mahatchi, mipando, malo, ndi anthu. Pakhomo pa khothi, poyera, masana, mwalamulo. Mpaka 1861.

Buledi uja anangouma mkamwa. Kumeza kukanika, kulavula kukanikanso poti akundiyang'ana. Ndinamukulunga nkumubwezera m'chikwama ndipo mpaka pano ali momwemo.

Ndiye anafunsa kuti kalankhulidwe kangaka nkakuti. Ndinati Malawi. Ambiri kuno ukatero amati Maui kapena Mali, koma iwo anati, kunyanja yaitali ija? Ndinasangalala zedi, mpaka ndinadziwonjezera kuti eya, agogo anga akuchikazi kwawo ndi ku Nkhotakota, m'mphepete mwa nyanja momwemo. Apa mpomwe anandiponyera funso lija. Ati nanga anthu akwanu anali mbali iti, ogulitsa kapena ogulitsidwa?

Ndinaseka. Mxiii, ndinaseka ngati chitsiru, kuseka kwa munthu woti wapunthwa pagulu. Iwo sanaseke koma sanakwiyenso, anangondiyang'ana podutsitsa maso pamwamba pa magalasi kudikira yankho, ndipo ine ndinayamba kubwebweta zoti aaa akwathu ankapita nawo kum'mawa, ku Kilwa ndi Zanzibar, osati kuno, zomwe nzoona ndithu kwa ambiri aiwo koma silinali funso lawo. Anangogwedeza mutu nkuti, dzuka, tiye mkati muli kozizira, undigwire mkono.

Kulowa ndi ulere. Ati nyumbayi inakhala yotseka kuyambira 2020 ndipo yatsegulidwanso mu Meyi 2025 ataikonza, ndi pomwe aikamo chikepe koyamba chimangidwireni, nde iwo amene mawondo anawathera kalekale tsopano akutha kufika m'mwamba. Amabwera pafupipafupi, ndinaona mmene amakhotera m'makona osayang'ana zikwangwani.

Ndisaname, mkatimo ndinaiwala kaye manyazi anga. Nyumbayi inamangidwa ngati mtanda, mapiko anayi, ndipo ukafika pakatikati nkukweza maso, eee. Makonde ozungulira osanjikizana, lina pamwamba pa linzake, lililonse ndi zipilala zake, kumka nachepa, mpaka kumtunda kwenikweni komwe kuwala kukulowera. Ndinangoti kukamwa yasa ngati tsiku langa loyamba mu tauni. Amayi aja anandikoka nkuti gogoda chipilala ichi. Ndinagogoda, chinalira ngati chitsulo. Gogoda icho. Chinalira ngati chitseko cha kabati. Maonekedwe amodzimodzi, penti imodzimodzi, koma zina ndi zachitsulo zina ndi zamatabwa, diso lokha silingakuuze. Anaseka kwambiri ataona nkhope yanga, ati ana a sukulu amaikonda imeneyi.

Mbiri ya kamangidwe kake anandiuza modumphadumpha, ina ndinachita kuwerenga pa makoma iwo atakhala pa benchi kupumitsa miyendo. Malowa anaperekedwa mu 1816 ndi anthu awiri olemera, Auguste Chouteau ndi J.B.C. Lucas, pa mgwirizano woti pazikhala khothi la county ya St. Louis mpaka kalekale. County ndi ngati boma kwathu kuja, monga tinenera kuti boma la Dedza, lili ndi likulu lake ndi khothi lake. Khothi loyamba la njerwa linatha mu 1828 koma tauni inkakula mothamanga chifukwa cha sitima za pamtsinje, posakhalitsa linachepa, nde mu 1839 anayamba lalikululi pa pulani ya Henry Singleton, kutengera akachisi a Agiriki akale, zipilala zonenepa zopanda zokongoletsa zambiri ndi kadenga ka makona atatu pamwamba pa khomo. Chomwe chinandiseketsa nchoti lakale lija sanaligwetse msanga, analisiya likugwira ntchito ngati phiko limodzi la latsopanoli mpaka m'ma 1850 pomwe Robert Mitchell anadzaligwetsa nkumanga phiko la kum'mawa. Ndinakumbuka nyumba ya amalume ku Area 25 yomwe akhala akumanga mozungulira kanyumba kakale kuyambira ndili ku pulayimale, iwo akugona momwemo.

Denga lobulungira lija, dome, linabwera kumapeto. Loyamba linali laling'ono, ili lilipoli ndi la William Rumbold, linatha mu 1862 nkhondo yapachiweniweni ili mkati, mafupa ake ndi achitsulo, kunja anakuta ndi kopa nchifukwa chake linabiriwira ndi zaka. Anatengera la tchalitchi cha St. Peter's ku Rome, ndipo nthawi yomweyo ku Washington ankamanganso lachitsulo pa Capitol, nyumba yawo ya malamulo, nde anthu akuno amanyadira kuti lawo linayamba kutha. Panali mkangano eti, ena ankati chitsulo chonsecho chidzagwera anthu pamutu, mpaka mkuluyo anachita kupanga kachitsanzo kakang'ono nkukasenzetsa zitsulo zolemera kuti otsutsa aone kuti sikaphwanyika. Kutalika kwa nyumbayi ndi mafiti 192. Arch ija ndi mamita 192. Zangochitika chabe koma mutu wanga wa shifiti ya usiku wakhala ukuseweretsa manambala amenewa tsiku lonse.

Mkati mwa dome muli zithunzi zinayi zomwe anajambula Carl Wimar mu 1862, chaka chomwenso anamwalira ndi TB. China De Soto akufika pa Mississippi, china Laclède akukocheza pomwe anayambitsa tauniyi, china nkhondo ya 1780 pomwe tauniyi inaukiridwa, china mpata wa m'mapiri kumadzulo kotchedwa Cochetopa komwe ankalota kuti njanji idzadutsa. Amayi aja analoza ndi ndodo nkuti, waona zomwe anasankha kukumbukira? Papita zaka 5 zokha chigamulireni mlandu womwe unagwedeza dziko lonse, unayambira pansi pomwe taimapa, koma kumwambako anajambulako mapiri.

Kenako anati tiye ndikuonetse chipinda chomwe kulibe. Ndinaganiza kuti sindinamve bwino Chingerezi chawo. Koma ndi momwemo, chipinda chomwe mlandu wa Scott unazengedwera, pansi ku phiko la kumadzulo, sichilinso mmene chinalili. Chinali chachikulu kwambiri chopanda zochirikiza zokwanira, pansi pa chipinda chapamwamba panayamba kubwafuka, nde cha m'ma 1855 anachigawagawa nkusintha zonse, mlandu uli mkati ku makhothi ena. Pali zipinda ziwiri zozengera milandu zomwe anazibwezeretsa mwakale, mipando yozungulira ndi gome la jaji, nzokongola, anthu amajambulitsamo poganiza kuti ndi momwemo. Si momwemo.

Apa nde anakhazikika pa nkhani yawo yeniyeni, ndipo ndinazindikira kuti chimawabweretsa kuno si Dred, ndi Harriet. Ati aliyense Dred Scott, Dred Scott, ngati anabwera yekha. Pa 6 Epulo 1846 anabwera awiri, mwamuna ndi mkazi wake, aliyense kudzasuma payekha kuti amasulidwe kwa Irene Emerson, mkazi wamasiye wa dokotala wa asilikali John Emerson. Kulemba sankadziwa, anasaina ndi X. Mfundo yawo inali yosavuta: dokotalayo anakhala ndi Dred ku Illinois ndiponso ku Fort Snelling, komwe lero ndi Minnesota, madera omwe ukapolo unali woletsedwa, ndipo Harriet anakumana naye nkukwatirana komweko. Makhothi a Missouri kuyambira 1824 ankatsata zoti amene wakhalapo kudziko laufulu ndi mfulu basi, ngakhale abwerere. Sanali oyamba, milandu yotere mu St. Louis inaposa 300, ndipo ambiri osuma anali azimayi.

Ukudziwa chifukwa chake azimayi? anandifunsa. Ndinati ayi amayi. Ati chifukwa lamulo linkati mwana amatsata mimba. Mayi akakhala kapolo, ana onse ndi akapolo, bambo kaya ndi ndani. Harriet anali ndi ana aakazi awiri, Eliza ndi Lizzie, akukula, ndipo mwini wake wamwalira, chuma chili m'manja mwa wamasiye. Iweyo ukanakhala mayi, ukudutsa pa masitepe aja nkumaona zomwe zimachitika ndi chuma cha masiye, ukanagona tulo?

Ine wa ku mtundu woti mwana ndi wa kwa mayi ake, mbumba ndi ya amalume, mawu oti mwana amatsata mimba anandilowa mwina mwake. Kwathu ndi chinthu chokupatsa mudzi ndi munda. Kuno chomwecho chinali chingwe.

Mlandu woyamba mu 1847 analuza pa kanthu kopusa, mboni inanena zongomva kwa mkazi wake, nde panalibe umboni wokwanira woti Mayi Emerson ndi amene ankawasunga ngati akapolo, chinthu chomwe tauni yonse inkadziwa. Mu 1850 anazenganso m'nyumba yomweyi ndipo anawina. Anawina! Amayi aja anamenya ndodo pansi ponena zimenezi mpaka mzungu wina anatembenuka. Koma panabwera apilo, ndipo maloya a mbali zonse anagwirizana kuti upitirire mlandu wa Dred wokha, chigamulo chake chidzakhudze onse. Dzina la Harriet linathera pomwepo. Mu 1852 khothi lalikulu la Missouri linatembenuza chigamulo, kutaya zomwe lokha linkatsata kwa zaka pafupifupi 30, ati nthawi zasintha. Kenako nkhani inakafika ku khothi lalikulu la dziko lonse, ndipo pa 6 Malichi 1857 jaji wamkulu Roger Taney anawerenga kuti munthu wakuda, kaya kapolo kaya mfulu, si nzika ya United States, sangasume m'khothi la dziko, ndipo alibe ufulu uliwonse womwe mzungu akuyenera kuulemekeza. Zaka 11 akuyenda m'makhothi.

Ndipo mapeto ake ndi omwe akundizunguza. Patangotha miyezi iwiri ndi theka, pa 26 Meyi 1857, anabweranso m'nyumba yomwe ino nkumasulidwa, osati chifukwa cha chilungamo cha khothi koma poti Mayi Emerson anali atakwatiwanso ndi phungu wa ku Massachusetts wodana ndi ukapolo, Calvin Chaffee, amene zinamuchititsa manyazi m'manyuzipepala, nde banjalo linaperekedwa kwa Taylor Blow, mwana wa amene anali mwini wake wa Dred poyamba, iye nkusaina pepala lowamasula. Siginecha imodzi. Dred anagwira ntchito yonyamula zikwama pa hotela, nkumwalira ndi TB mu Seputembala 1858, ufulu wake sunakwane ngakhale chaka ndi theka. Harriet anakhala mpaka 1876. Ati kumanda a Dred ku Calvary anthu amasiyako makobidi a 1 cent a nkhope ya Lincoln. Nanga kwa Harriet ku Greenwood amapitako angati, anatero, osafunsa ine kwenikweni.

Panali zinanso, za Virginia Minor amene mu 1872 anakanizidwa kulembetsa kuti avote poti ndi mkazi, mlandu wake unayambiranso muno nkukaluza ku Washington mu 1875, za Ulysses Grant kudzamasula kapolo wake William Jones mu 1859 asanakhale mkulu wa asilikali, za Joseph Pulitzer kugula nyuzipepala pa okushoni pa masitepe a khothi lomweli mu 1878. Koma apa mutu unali utadzadza, ndimangoti eya amayi, eya amayi. Yomwe inandidzutsa ndi ya malo. Mu 1876 tauni ya St. Louis inavota kuchoka mu county, akuno amati chisudzulo chachikulu, county nkukamanga likulu lake ku Clayton, khothili nkutsala la tauni. Mu 1930 makhothi anasamukira ku nyumba yatsopano yaitali, Civil Courts, ili nkungokhala. Basi zidzukulu za Chouteau ndi Lucas zinatulukira, ati agogo athu anapereka malowa kuti pakhale khothi, khothi lachoka, tibwezereni malo athu. Patatha zaka zoposa 100! Ndinaseka mokweza, ndinati amayi izi nde zakwathu zenizeni, kwa amfumu sizitha zoterezi. Analuza, ndipo mu 1940 nyumbayi inapita m'manja mwa National Park Service, nthambi ya boma yosamalira mapaki ndi malo a mbiri.

Kaya inali 3 koloko kaya 4 pomwe tinatuluka, foni inali itazima. Anandiperekeza mpaka pa chiboliboli cha Dred ndi Harriet chomwe anaimika panja mu 2012, awiriwo atagundana, mitu ili chokweza. Mdzukulu wawo anabwera ndi galimoto. Polowa anandigwira dzanja nkuti, funso lija sindimakunyoza mwana wanga, ineyo sindingalifunse kwa agogo anga chifukwa mzere wathu umathera pa pepala la okushoni, iwe uli nako kokafunsa. Chitseko phwaa, anapita. Dzina sitinafunsane.

Nde nchimenechi chandikhalira pachifuwa. Poyamba m'sitima pobwerera ndinakwiya, ndimvekere amayi amenewa bwanji, munthu wangokumana naye nkumufunsa zoterozo, ine ndinagulitsa ndani, ndimasintha matewera a nkhalamba usiku wonse kuti ndilipire fizi ya mng'ono wanga. Koma mkwiyowo sunakhalitse chifukwa yankho ndilibedi. Tili Sitandade 7 tinapita ku Nkhotakota kukaona mtengo uja amati Livingstone anakumanirapo ndi Jumbe, aphunzitsi anatiuza za anthu ounjikidwa m'mipanda kudikira zombo zowoloka nyanja, zaka zomwezomwezi pomwe kuno Harriet ankasaina X yake. Tinalemba manotsi, tinadya mpunga ndi chambo, tinaimba m'basi pobwerera. Palibe anafunsa kuti nanga ifeyo a m'basi muno, makolo athu anali kuti pa nthawiyo, mkati mwa mpanda kapena kunja atagwira mfuti, kapena kuphiri atabisala. Agogo anga ankadziwa mabanja onse a m'mudzi mwawo ndi komwe anachokera, ndipo ndikukumbuka tsiku lina akukangana ndi mayi wina pa chitsime anatulutsa mawu oti kapolo, mayi uja anangotola ndowa yake nkumapita osayankha, amayi anga nkundikokera m'nyumba. Sindinafunsepo. Agogo anatisiya kalekale. Amene atsala ndi azakhali aakulu aja, makutu anayamba kuvuta, ndipo nkhani yotere siyofunsa pa voice note.

Chithunzi ndatumiza ndithu, chija cha ku Kiener Plaza, ndikumwetulira, dome ili pamwamba pa mutu wanga ngati chisoti, Arch kumbuyo. Kumudzi kwacha kale, amayi ayankha pompano ndi timitima titatu. Ati koma nde kokongola mwanawe, chimenecho ndi tchalitchi? Ndalemba "ayi ndi khothi", ndafufuta, ndalembanso zina zazitali, ndafufutanso. Akuonekabe kuti ali online. Shifiti ikuyamba 7 koloko madzulo ndipo yunifolomu sindinachape